Batani la "Sign in with Google" likamangokuzungulitsani, vuto si inu

Pali chinthu chomwe chimandipweteka mtima pa nkhani za mawebusayiti ndipo anthu opanga mawebusayitiwo amachipeputsa kwabasi. Munthu wadina batani lija lolembedwa kuti Sign in with Google kapena Continue with Facebook, foni yamutengera ku Google, wasankha akaunti yake bwinobwino, yamubweza ku webusayiti ija, nde kungofika kumeneko akumuuzanso kuti alowe. Adinanso, zomwezo. Pena sikirini imangoyera mbee osaonetsa kanthu, pena imatulutsa chizungu chosamveka ngati "missing initial state" kaya "correlation failed", pena kagudumu kaja kamangozungulira mpaka bandulo kutha.

Ndipo omwe zimawachitikira kwambiri si anthu ongosewera pa intaneti ayi, ndi amene akufuna kuapulaya ntchito, sikolashipu, kosi ya pa intaneti, tsiku lotsekera lili mawa. Amayamba kudzikayikira kuti mwina ndayiwala pasiwedi, mwina foni yangayi ndi yachabe, mwina ndi netiweki, ena mpaka kukwera minibasi kupita ku tauni kukayesa pa kompyuta ya ku kafe. Chonsecho pasiwedi ili bwino, Google yawazindikira, chomwe chataika ndi kanthu kakang'ono kotchedwa kuki (cookie), kachizindikiro komwe webusayiti imasiya mu bulawuza yanu (apu yotsegulira mawebusayiti, monga Chrome) kuti izikuzindikirani, ndipo kataika chifukwa bulawuza ndi webusayiti sizikumvana. Inu mulibepo mlandu.

Ndifotokoze momwe zimayendera, chifukwa mukamvetsa apa zina zonse ziphweka. Pa kulowa kotereku pamakhala atatu: inu ndi bulawuza yanu, webusayiti yomwe mukufuna kulowa, ndi wokuchitirani umboni, amene ndi Google kaya Facebook kaya Apple. Webusayitiyo siiona pasiwedi yanu nkomwe, ndiye ubwino wake waukulu. Imangokutumizani kwa Google kuti akakuoneni, Google nkukubwezani ndi kachikalata koti inde, munthuyu ndi yemweyo. Malamulo ake amatchedwa OAuth 2.0, anatuluka mu 2012, kenako mu 2014 anawonjezerapo OpenID Connect yomwe ndiyo imanena kuti ndinu ndani. Koma musananyamuke kupita kwa Google, webusayiti imakusiyirani kuki mu bulawuza, muli nambala yachinsinsi. Zili ngati mmene amachitira posungitsa zikwama pakhomo pa shopu yaikulu, amakupatsa kanambala, ukamatuluka uonetse kanambalako ndiye akupatse chikwama chako. Ukabwera wopanda kanambala, olo mlonda akukumbukira nkhope, sakupatsa. Webusayiti nayo mukabwerera kuchoka kwa Google wopanda kuki ija imakana, ndipo ikulondola kukana, chifukwa ikanamangovomera, mbava ikanatha kukulowetsani mu akaunti yomwe si yanu inu osadziwa.

Nde funso nkumati kukiyo imataika bwanji pa kaulendo ka masekondi ochepa chabe?

Makuki anayamba mu 1994, anawapanga ndi Lou Montulli ali ku Netscape, cholinga chinali chakuti webusayiti izikukumbukira ukachoka pa peji ina kupita pa ina, monga zinthu zomwe waika mu basiketi ukamagula. Koma sipanatenge nthawi a malonda anazindikira kuti akaika kachidutswa kawo pa mawebusayiti masauzande, kuki yawo imodzi yomweyo izikutsata paliponse, wawerenga nyuzi apa, waona nsapato apo, wafufuza za matenda uko, onse akudziwa. Amenewa ndi omwe amati ma third-party cookies, makuki a munthu wina amene si mwini wa peji yomwe watsegula. Ineyo sindimawakonda ndipo ndimagwirizana nawo amene anaganiza zowatseka. Apple inayamba mu 2017 ndi chomwe anachitcha Intelligent Tracking Prevention mu Safari, bulawuza yake ya pa iPhone ndi Mac, pofika March 2020 Safari inawatsekeratu onse. Firefox inayatsa chitetezo chake kwa aliyense mu September 2019, kenako mu June 2022 inabweretsa Total Cookie Protection yomwe imapatsa webusayiti iliyonse kosungira makuki kwakekwake, osasakanikirana ndi kwa ina. Chrome ndiye yakhala ikuzengereza, mu January 2020 Google inati iwachotsa pasanathe zaka ziwiri, inasuntha tsiku kangapo, mu January 2024 inayesa pa 1 peresenti ya ogwiritsa ntchito, mu July 2024 nkunena kuti basi siwachotsanso. Ndiye taonani, mabulawuza akuluakulu atatu aliyense lamulo lake, webusayiti imodzi yomweyo kugwira pa foni ya mnzako, pa yako kukana.

Chovuta nchakuti kwa bulawuza, kachidutswa kolowera kobisika mkati mwa peji ndi kachidutswa ka a malonda zimaoneka chimodzimodzi. Zonse ndi za adiresi ina, zonse zikupempha kuki yawo. Bulawuza singadziwe kuti uyu akufuna kukuthandiza kulowa, uyu akufuna kukuzonda, imangotseka onse. Chitsanzo chodziwika bwino kwa opanga mawebusayiti ndi Firebase, chida cha Google chomwe ambiri amagwiritsa ntchito chifukwa nchosavuta kuyamba nacho. Njira yake yolowera yotchedwa signInWithRedirect imadalira kachidutswa kochokera ku adiresi yothera ndi firebaseapp.com, osati adiresi ya webusayiti yako, ndiye Safari ndi Firefox zitalimbitsa malamulo njira imeneyi inayamba kulephera pa mawebusayiti ambiri, mpaka eni ake analemba malangizo oti ukonze adiresi yolowera ikhale yofanana ndi ya webusayiti yako, apo ayi ugwiritse ntchito kawindo kotumphuka. Malangizowo alipo kalekale, aulere. Koma mawebusayiti ambiri anapangidwa kamodzi, wopangayo analandira ndalama zake nkupita, palibe wabwereranso kukaona.

Tsopano pali nkhani ya SameSite, imeneyi ndiyomwe ndimafuna ndikhalepo pang'ono chifukwa imakhudza kwambiri ife ogwiritsa ntchito mafoni akale. Mu February 2020, Chrome 80 inasintha lamulo: kuki iliyonse yomwe mwini wake sananene kanthu izitengedwa ngati SameSite=Lax, kutanthauza kuti isamatumizidwe pempho likachokera ku webusayiti ina, kupatula pomwe munthu wangotsatira linki wamba. Amene akufuna kuki yake iziyenda pakati pa mawebusayiti alembe poyera kuti SameSite=None komanso Secure. Ganizo labwino ndithu, limatseka njira zina za akuba. Zinasokoneza zinthu moti mu April chaka chomwecho, Covid itavuta, Google inabweza kaye kusinthaku poopa kugwetsa mawebusayiti ofunika a zaumoyo, mabanki ndi ogulitsa zakudya, nkudzayambiranso mu July.

Koma mvetserani apa. Opanga mawebusayiti atamvera nkulemba SameSite=None, zinapezeka kuti Safari ya pa iOS 12 (iOS ndi pulogalamu yoyendetsa iPhone) inali ndi vuto loti ikaona mawu akuti None imawatenga ngati Strict, lamulo lokhwima kuposa onse, ndiye kuki ija osatumizidwa nkomwe. Chrome yakale, kuyambira 51 mpaka 66, imangoitaya kukiyo. UC Browser yakale chimodzimodzi. Ndiye ukakonzera mabulawuza atsopano waphwanyira akale, ukasiyira akale waphwanyira atsopano. Njira inalipo, kuika makuki awiri, ina ya mtundu watsopano ina ya mtundu wakale, kapena kuona kaye bulawuza yomwe yabwera, koma ndi angati anavutikira zimenezo? Ndipo iOS 12 si nkhani ya mbiri yakale kwa ife. iPhone 5s, iPhone 6 ndi 6 Plus zinathera pa iOS 12 pomwepo, sizingakwerenso, ndipo mafoni amenewa ndi omwe abale amatitumizira kuchoka ku Joni kapena ku UK akagula atsopano, ndi omwe amagulitsidwa a sekondi handi m'matauni mwathu. Kwa wopanga webusayiti wa ku California foni imeneyo inafa kale. Kuno ili m'thumba mwa munthu, ndipo akuinyadira.

Kanthu kena mu nkhani yomweyi kamandikhudza kwambiri. Pozindikira kuti njira zina zolowera zimabweza munthu ndi pempho la mtundu wa POST, lotumiza zinthu ngati fomu osati linki wamba, monga mmene Sign in with Apple imachitira webusayiti ikapempha dzina ndi imelo, a Chrome anaika kampata kakanthawi: kuki yopanda SameSite itha kutumizidwabe bola ikhale yosapitirira mphindi 2 chiyipangireni. Mphindi ziwiri. Kwa munthu wa intaneti yothamanga amene pasiwedi yake bulawuza inasunga kale, imeneyo ndi nthawi yambiri. Koma taganizirani munthu ali kumudzi netiweki ikuonetsa E, peji ya Google ikutseguka mwapang'onopang'ono, alembe imelo, alembe pasiwedi ndi chala chimodzi mosamala, kenako adikire khodi ya pa SMS yomwe ikuchedwa, pobwerera mphindi ziwiri zadutsa, kuki yakanidwa. Wopanga webusayiti akayesa pa laputopu yake mu ofesi zikugwira bwinobwino, nkumati anthuwa sadziwa kugwiritsa ntchito foni. Ayi ndithu, amadziwa, koma lamulolo linayezedwa ndi liwiro la anthu ena.

China chomwe chimagwetsa anthu ambiri, mwinanso kuposa zonsezi, ndi kutsegula linki mkati mwa apu. Mwaona positi ya ntchito pa Facebook, mwadina linki, peji yatseguka, inu mukuona ngati muli mu Chrome koma ayi, muli mu kabulawuza ka mkati mwa Facebook momwemo, Instagram ndi TikTok nazonso zili ndi kawo. Mukadina Sign in with Google mmenemo imatuluka meseji ya 403 disallowed_useragent. Apa sikuti chinachake chawonongeka, Google inachita dala, inalengeza mu 2016 kuti isiya kulola kulowa kudzera m'timabulawuza totere ndipo pa 30 September 2021 inatsekeratu. Chifukwa chake nchomveka, apu yomwe yakutsegulirani pejiyo ili ndi mphamvu yoona zonse zomwe mukulemba, pasiwedi yomwe. Ndiye kukana kwake nkokutetezani, kungoti mesejiyo sinena choti muchite. Choti muchite nchophweka, dinani timadontho titatu tapamwamba, sankhani kutsegula mu Chrome kapena mu bulawuza yanu, kapena koperani linkiyo mukaiike nokha.

Zofanana ndi zimenezi zimachitikanso mukayambira mu bulawuza ina nkukathera mu ina. Mwayamba kulembetsa mu Opera, akutumizirani linki yotsimikizira ku imelo, mwaidina mu apu ya Gmail, yatseguka mu Chrome. Kuki ija inatsala mu Opera, Chrome siikudziwa kanthu, bulawuza iliyonse imasunga makuki akeake. Webusayiti nkumati session expired, inu nkumadabwa kuti yatha bwanji poti ndangoyamba kumene.

Za Opera Mini ndisazisiye, poti ambirife timaikonda chifukwa imasunga bandulo ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma ikakhala pa njira yake yosungira data yotchedwa Extreme, peji simaitsegula ndinu, imatsegulidwa ndi maseva a Opera kutali uko, iwo nkuifinya nkukutumizirani yophwekaphweka, JavaScript, timapulogalamu tomwe timapangitsa mabatani a pa peji kugwira ntchito, imangopatsidwa kanthawi kochepa. Kuwerenga nkhani zili bwino, koma mabatani olowera masiku ano amadalira JavaScript kwambiri komanso mawindo otumphuka, ndiye nthawi zambiri batani limangokhala duu olo mudine kangati. Pa nthawi yolowa yokhayo sinthani muike pa High kapena muzimitse kusunga data, kapena gwiritsani ntchito Chrome kaya Firefox, mukamaliza mubwerere.

Onaninso tsiku ndi nthawi pa foni. Batire ikathera, kapena mukaichotsa pa mafoni aja otsegula kumbuyo, foni ina imabwerera chaka chakale. Kuki ili ndi nthawi yothera, satifiketi ya chitetezo nayo ili ndi masiku ake, wotchi ikasokonekera zonse zimasokonekera.

Tsopano malangizo omwe anthu amapatsana, ena mwa iwo amandidetsa nkhawa. Loyamba ndi lija loti "yesa pa incognito", windo lachinsinsi lija la bulawuza lomwe limayamba lopanda makuki akale. Pena zimathandiza ngati vuto ndi kuki yakale yowonongeka, koma dziwani kuti kuyambira 2020 incognito ya Chrome imatseka ma third-party cookies yokha, ndiye ngati vuto linali limenelo mwangoliwonjezera. Lina ndi loti pa iPhone ingoikani Chrome. Sizisintha zambiri, chifukwa kupatula m'madera ochepa monga ku European Union komwe malamulo anakakamiza Apple kulola zina mu 2024, mabulawuza a pa iPhone amayendera injini ya Safari yomweyo yotchedwa WebKit, ndipo kuyambira iOS 14 chitetezo cha Safari chija chotseka makuki chimagwiranso mwa iwo.

Koma lomwe limandiopsa kwambiri ndi loti "panga clear cookies zonse". Abale, musathamangire zimenezi. Anthu ambiri kwathu kuno akaunti ya Google anawatsegulira ndi wogulitsa foni, kapena mwana wa achemwali, kapena mnyamata wa pa kafe, pasiwedi sanauzidwe kapena inalembedwa pa kapepala komwe kanasowa kalekale, nambala yobwezeretsera ndi ya SIM yomwe inatayika. Munthu wotere chomwe chikumusunga mkati mwa maakaunti ake mu bulawuza ndi makuki omwewo. Mukamufufutira zonse mwamutulutsa paliponse, ndipo kwina sadzalowanso. Ndinaonapo mayi wina wochita bizinesi ya zitenje atataya njira yolowera pa tsamba lomwe ankalandirirapo maoda chifukwa wina pofuna kumuthandiza anafufuta zonse, ndipo zinali zomvetsa chisoni chifukwa wothandizayo sanali ndi cholinga choipa. Fufutani makuki a webusayiti yovutayo yokha, mu Chrome mumadina kachizindikiro kali kumanzere kwa adiresi nkupeza za makuki a tsamba limenelo. Ndipo musanafufute chilichonse cha munthu mufunseni kaye ngati akuidziwa pasiwedi yake.

Nanga zoyatsa ma third-party cookies? Mawebusayiti ambiri ndi zomwe amalemba pa peji yawo ya chithandizo, eti kuti mulowe pitani ku ma settings mukalole makuki onse, pa iPhone mukazimitse Prevent Cross-Site Tracking. Kwa ine uku ndi kutula katundu wako pamutu pa kasitomala. Ukuuza munthu kuti atsegulire a malonda onse a pa dziko kuti azimutsata, chifukwa iwe sunakonze batani lako limodzi. Ngati mwapanikizika ndipo fomu ikutsekedwa lero, chitani, ndikumvetsa, koma mu Chrome ndi Firefox muli njira yololeza webusayiti imodzi yokha, gwiritsani ntchito imeneyo, ndipo pa iPhone mukamaliza mukayatsenso.

Kwa anzanga opanga mawebusayiti, makamaka amene timapangira masukulu, mabungwe, mipingo ndi mabizinesi akuno kwathu, ndikupempha ndi mtima wonse. Kuyesa pa Chrome ya pa laputopu yanu si kuyesa. Bwerekani itel kapena Tecno ya zaka zingapo, bwerekani iPhone 6, tumizani linki yanu pa Messenger muitsegule mmenemo muone chomwe chichitike, tsitsani netiweki muike pa 2G, dikirani dala mphindi zitatu pa peji ya Google musanabwerere. Mukazindikira kuti munthu ali mu kabulawuza ka mkati mwa apu, muuzeni pomwepo mu chilankhulo chomveka, olo m'Chichewa momwe, kuti atsegule mu Chrome, musadikire kuti akakumane ndi 403. Kuki ikasowa musamangomubweza pa peji yolowera mwakachetechete ngati palibe chachitika, kuzungulira kumene kuja ndi komwe kumadya bandulo ndi mtima wa munthu, lembani kuti chalephera ndi chakuti, yesani chakuti. Adiresi yobwerera ikhale pa domeni yanu, ndipo samalani za www, chifukwa munthu akayambira pa adiresi yopanda www nkubwezedwa pa ya www, kuki yomwe inaikidwa pa yoyambayo popanda kutchula domeni siioneka pa yachiwiriyo, vuto laling'ono koma limadyetsa anthu usiku wonse. Njira zatsopano ziliponso, Storage Access API yomwe imapempha chilolezo kwa munthu mwachindunji, ndi FedCM yomwe inalowa mu Chrome 108 kumapeto kwa 2022, pomwe bulawuza yeniyeniyo ndi imene imaonetsa kabokosi kosankhira akaunti popanda kudalira makuki a wina. Koma FedCM sili mu mabulawuza onse, ndiye musaidalire yokha.

Ndipo chonde pasamakhale khomo limodzi. Batani la Google ndi labwino, limachepetsa mapasiwedi oti munthu aziloweza, koma pambali pake pakhale imelo ndi pasiwedi wamba, kapena khodi yotumiza pa foni. Ntchito zolowera zimafa, Mozilla inatseka Persona mu November 2016, Google+ Sign-In inatha mu 2019, amene anadalira zimenezo zokha anathamanga. Komanso akaunti ya Facebook itabedwa kapena kutsekedwa, zomwe zimachitika kawirikawiri, munthu amene analowera nayo paliponse amataya zonse tsiku limodzi, kosi yomwe analipira, fomu yomwe anali atatsala pang'ono kumaliza, zonse.

Inunso owerenga, ngati pali webusayiti yofunika pa moyo wanu yomwe mumalowa ndi batani la Google kapena Facebook, lero lomwe mukadali mkati pitani ku ma settings a akauntiyo muone ngati akulola kuika pasiwedi yapadera kapena kuwonjezera imelo ina, ambiri amalola koma sanena. Kenako tsegulani myaccount.google.com, pa gawo la za chitetezo, muone ngati nambala yobwezeretsera akaunti ili ya SIM yomwe muli nayo panopa, ngati ndi yakale isintheni.